Zisiyeni njinga zakalezi zithamange

Pali anthu amene amati njinga yamoto yopangidwa m'chaka cha 1958 kapena 1961 malo ake ndi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, yopukutidwa bwino, yozingidwa ndi chingwe kuti ana asaikhudze. Amati kuithamangitsa pampikisano n'kuwononga chuma, n'kusokosera anthu, ndiponso n'kuika moyo pachiswe popanda chifukwa. Ine ndikukana. Ndine makaniko, ntchitoyi ndinaiphunzirira ku Blantyre, ndipo tsopano ndikukhala ku England kumene masiku opuma ndimakagwira sipanala pamipikisano ya njinga zoterezi. Zimene ndimaona kumeneko zandikhutiritsa kuti njinga zimenezi zikangosiya kuthamanga, nzeru zozikonzera zidzatha pamodzi ndi madala amene akuzisunga.

Mipikisano ndikunenayi si ija ya pa kanema, ya anyamata olembedwa ntchito ndi makampani akuluakulu. Iyi ndi ya makalabu a anthu wamba. Pali Classic Racing Motorcycle Club, palinso gawo la mipikisano la Vintage Motor Cycle Club, kalabu imene inayamba mu 1946. Amachita lendi mabwalo monga Cadwell Park ku Lincolnshire, Mallory Park, Snetterton kapena Pembrey ku Wales, nakumanako Loweruka ndi Lamlungu. Othamangawo ndi mapulambala, aphunzitsi, oyendetsa malole, amayi ndi abambo opuma ntchito. Amabwera pa maveni akutha, amagona m'matenti pambali pa njinga zawo, amalipira okha ndalama yolowera, matayala ndi petulo. Wopambana amapita kwawo ndi kachikho kakang'ono basi.

Mwa njinga zonse zimene zimabwera, mtima wanga uli pa za silinda imodzi. Injini yake imakhala ndi pisitoni imodzi yokha, yaikulu, ndipo ikamatenthetsedwa m'mawa imagunda ngati musi mumtondo wa mphale, kamodzikamodzi, mpaka kugundako kumamvekera m'chifuwa mwa munthu woima patali. Mfumu yake ndi Manx Norton, ya 350cc kapena 500cc. Mu 1950 kampani ya Norton inayamba kuika injini yake mu felemu yotchedwa Featherbed, imene inakonzedwa ndi Rex McCandless wa ku Belfast, ndipo Geoff Duke anapambana nayo mpikisano wa Senior TT pachilumba cha Isle of Man chaka chomwecho. Mu 1951 anatenga ukatswiri wa dziko lonse m'magulu awiri, la 350cc ndi la 500cc. Ife a kumwera kwa Africa tili nayo mbali m'nkhaniyi: Ray Amm, wobadwira ku Salisbury kumene lero ndi Harare, anapambana Junior TT ndi Senior TT pa Norton mu 1953, chaka chimene Nyasaland anailowetsa m'chitaganya ndi maiko awiri a Rhodesia.

Pambali pa Norton panali AJS 7R ya 350cc imene inatuluka mu 1948, Matchless G50 ya mu 1958, ndi BSA Gold Star. Njinga zimenezi zinkagulitsidwa kwa aliyense amene anali ndi ndalama zake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Makampani a ku Italy monga Gilera ndi MV Agusta atabwera ndi injini za masilinda anayi, zaliwiro kwambiri, munthu wamba sakanatha kuzigula. Iye anatsala ndi ya silinda imodzi ija, naikonza yekha, nazungulira nayo maiko a ku Ulaya. Norton inaleka kupanga Manx cha m'ma 1962, komabe mu 1969 Godfrey Nash anapambana nayo Grand Prix ya 500cc ku Opatija, m'dziko limene linali Yugoslavia. Kuyambira pamenepo palibenso njinga ya silinda imodzi imene inapambana mpikisano wa gulu lalikulu limenelo. Choncho amene akuzithamangitsa lero m'makalabu akungopitiriza ntchito imene njingazi zinapangidwira: kukhala m'manja mwa munthu wodzilipirira ndi wodzikonzera.

Ndifotokozeko za kudzikonzerako, pakuti ndi kumene ndimakudziwa. Manx Norton ilibe batire, ilibe kompyuta, ilibe sitata. Moto wa pulagi umachokera ku magineto. Pofuna kuiliza, umaiika m'giya, umaibweza m'mbuyo mpaka pisitoni italimba, kenaka anzako akukankha, iwe n'kusiya kilatchi. Kabuleta yake ya Amal GP siilola injini kulira yokha itaima, ndiye dzanja silichoka pa mafuta. Masipuling'i a mavalavu ali poyera, sanaphimbidwe, ndipo amawaza oyilo m'miyendo ya wokwera, n'chifukwa chake eni ake amatsekapo ndi siponji. Ambiri amathira oyilo wa Castrol R, wochokera ku nsatsi, nsatsi zomwe zija zimamera zokha kudzala kwathu. Fungo lake likadzaza bwalo, azigogo amene anaonerera mipikisano ali anyamata amangoti chilili. Koma oyilo ameneyu safuna kusakanizidwa ndi oyilo wamba, ndipo ukamusiya nthawi yaitali m'injini amaundana n'kumata zonse. Zimenezi suzipeza zonse m'buku. Umamva kwa munthu amene anaonongapo injini.

Pali bambo wina wachikulire amene ndimamuthandiza. Anali wosula zitsulo pafakitale asanapume, ndipo ali ndi Matchless G50. Njinga ikangobwera kuchokera m'bwalo, amamasula pulagi naiyang'ana nthawi yaitali, osalankhula. Mtundu wa nsonga yake umamuuza ngati petulo akuchuluka kapena akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Kukazizira kapena kukagwa mvula amasintha jeti ya kabuleta. Bwalo likakhala la makona ambiri ndi chitunda, monga Cadwell Park, amasintha giya la kumbuyo kuti njinga izinyamuka msanga potuluka pakona. Palibe makina amene amamuuza zimenezi. Makutu, maso ndi zala zake ndizo zida. Njinga zampikisano zamakono umazilumikiza ku kompyuta, ndipo chikawonongeka chinthu umachotsa bokosi lonse n'kuikapo lina. Sindikuzinyoza, zimathamanga koposa ndipo n'zodalirika. Koma mwini wake sadziwa zimene zili m'kati mwa bokosilo, pamene bambo uja angathe kumwaza injini yake yonse pansalu madzulo, m'mawa n'kukhala itabwerera pamzere.

Njinga yoimikidwa m'nyumba yoonetsera siifuna munthu wodziwa zonsezi. Imangofuna wopukuta fumbi. Imene ikuthamanga imathyola zitsulo, ndipo chifukwa cha kuthyokako pali amisiri ku Britain amene mpaka lero akusula mapisitoni, mavalavu ndi magiya a njinga zimene mafakitale ake anatsekedwa kalekale. Colin Seeley anagula ufulu ndi zipangizo za G50 ndi 7R mu 1966, kampani imene inkazipanga poyamba itagwa, napitiriza kuzipanga. Pambuyo pake Andy Molnar anayamba kupanga Manx yatsopano yathunthu. Onena kuti mpikisano ukuwononga chuma chakale aone bwino: mpikisanowo ndi umene wachititsa kuti zitsulo zizipezekabe.

Za ngozi sindingazibise. Ray Amm yemwe uja anafera pampikisano ku Imola mu 1955, ndipo msewu wa Isle of Man, wa mamailosi 37.73, wapha anthu oposa 250. Ngakhale m'mabwalo a makalabu anthu amathyoka mafupa. Koma muone mmene amachitira. Munthu sathamanga opanda laisensi ya Auto-Cycle Union. Woyamba kumene amavala chovala cha mtundu wa olenji pamwamba kuti anzake amudziwe ndi kumupatsa mpata. M'mawa uliwonse njinga imayesedwa: mabuleki, matayala, ndi bawuti yotsekera oyilo imene iyenera kumangidwa ndi waya kuti isamasuke n'kuthira oyilo panjira ya anzako. Chisoti, zovala zachikopa, magolovesi ndi nsapato zimayang'anidwanso. Pakona iliyonse pali anthu odzipereka onyamula mbendera, ambulansi ili pompo, ndipo othamanga onse amalowera mbali imodzi. Ndikamaona zimenezi ndimaganiza za achimwene athu a kabaza ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Njinga zawo nazonso n'za silinda imodzi, luso lokwera ndi lokonza ali nalo, ndipo ena amalikonda liwiro monga momwe azungu awa amalikondera. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amaliyesera pakati pa maminibasi, atanyamula mayi ndi mwana, chisoti palibe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ndalama. Manx yatsopano imagulidwa mapaundi masauzande ambirimbiri, ndipo ena amaika injini zooneka zakale kunja kokha, m'kati muli zitsulo zamakono zopatsa mphamvu yoposa ija ya mahosipawa pafupifupi 50 imene yakale inali nayo. Ku Goodwood Revival, chikondwerero chimene chinayamba mu 1998, njinga zoterezi zimakwezedwa akatswiri otchuka polimbirana chikho chokumbukira Barry Sheene. N'zokongola kuonerera, ndipo sindikuti zithe. Koma mzimu umenewo ukalowerera m'makalabu, wopambana adzakhala amene ali ndi thumba lalikulu, amene amatumiza injini yake kwa katswiri n'kuilandira itatsekedwa. Pamenepo tidzakhala titabwerera ku bokosi lija losadziwika za m'kati.

N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri magulu a njinga zotsika mtengo. BSA Bantam inali njinga ya onyamula matelegalamu ndi ya anthu opita kuntchito, koma anthu akhala akuithamangitsa kwa zaka zambiri. MZ 250 ya ku East Germany ili ndi gulu lakelake pansi pa British Motorcycle Racing Club, kalabu ya mu 1909. Palinso timanjinga ta Ducati ta 250cc ndi 350cc. M'magulu amenewa ndi mmene ndimaonamo achinyamata, mtsikana akumanga tcheni bambo ake atagwira tochi. Makalabu ayenera kuwateteza: ndalama yolowera ikhale yoti wolandira malipiro a pamwezi angaikwanitse, ndipo malamulo a zitsulo zololedwa akhale okhwima kuti njinga yokonzedwa kuseri kwa nyumba izikhalabe ndi mwayi wopambana.

Abale anga amene muli kuno ku Britain, makamaka inu amene munagwirapo sipanala kwathu, yang'anani tsiku limene makalabuwa akukumana pabwalo la pafupi ndi kwanu, mupite ndi ana anu. Pamipikisano imeneyi oonerera amaloledwa kuyenda pakati pa njinga pamene zikukonzedwa, ndipo eni ake amakonda kufunsidwa. Mukaona wina akusowa womukankha, vulani jekete mumukankhe.