Miyendo Yanga Si Thumba la Chimanga

Ku Ulaya kuli lamulo la mu 2006 lokakamiza makampani a ndege kunyamula ulere njinga ya munthu wolumala, ngakhale ikhale yoyendera batire. Mwini wake amangowadziwitsa kudakali masiku awiri, basi. Ndege, chinthu chimene kilogalamu iliyonse amaiyeza pa sikelo, imavomereza kuti njingayo ndi miyendo ya munthu.

Nanga minibasi ya pa Bwanje ndi yolemekezeka kuposa ndege? Ine ndimayendera njinga yopalasa ndi manja. Ndikaima pa msewu wa M5 kuti ndipite ku Balaka, madalaivala ena amangondidutsa ngati aona chitsa. Amene waima, kondakitala wake sayang'ana ine, amayang'ana njinga. "Achimwene, iyi mulipira padera." Kenaka amaikanikiza kumbuyo pakati pa matumba a makala, ndipo pofika sipoko zapindika. Wolipira kwa okonza njinga ndine ndemwe.

Musandiuze za kukwera mtengo kwa mafuta. Kodi mayi wonenepa mumamulipiritsa kawiri? Alipo amene munamuuzapo kuti miyendo yake ilipire payokha?

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations loteteza anthu olumala mu 2009. Aphungu adakhazikitsa lamulo mu 2012, n'kubweretsanso lina mu 2024, MACOHA n'kusanduka MACODA. Maina asintha ndithu. Koma apolisi apamsewu akaimitsa minibasi amafunsa laisensi ndi inshuwalansi. Sindinamvepo mmodzi akufunsa kondakitala chifukwa chimene wandisiyira padzuwa.