Kaundula wa Mapaipi Si Wotaya Nthawi

A Mkonzi,

Bambo amene analemba kuti makomiti a madzi a m'mipope akungotaya nthawi ndi mabuku m'malo mokonza mapaipi alakwitsa, ndipo ndiwayankhe.

Akuti pepala silitseka paipi yophulika. N'zoona. Koma ine ndakhala m'komiti ya madzi kwathu kuno zaka zambiri, ndipo tinakumbapo masiku atatu kufunafuna potsekera madzi chifukwa mkulu amene ankadziwa malowo anamwalira osasiya mapu. Masiku onsewo amayi ankatunga kudambo. Buku likanatisonyeza pokumba m'mawa umodzi.

Akutinso amisiri amadziwa ntchito pamtima. Nanga akasamutsidwa? Mapaipi ochokera ku Damu la Mpira ku Ntcheu kudzafika ku Balaka ndi akale, anakwiriridwa ambiri mwa anyamata okonza lero asanabadwe. Damulo litauma mu 2018 mipope inakhala gwa. Paipi yokhala yopanda madzi imayamwa zonyansa m'ming'alu, choncho madzi akabwerera pamafunika kutsuka, kuthira klorini ndi kulemba tsiku ndi muyeso wake.

Chandipweteka kwambiri n'chakuti anenanso kuti malamulo olemba mabukuwa ndi a anthu a m'tauni. Kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inayambira ku Machinga mu Malichi 2022. Ifeyo ndi amene tinaika maliro.

Ndikupempha Southern Region Water Board ndi makhonsolo a Machinga ndi Balaka kuti akabwera kudzayendera aziona mabukuwa tsamba ndi tsamba, ndipo atipatse malangizo olembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Balaka