Ma ARV ndi amodzi mbali zonse za Muloza, vuto ndi kudukiza

Mvula ikayamba, moyo wa ku Milange umasintha. Ena amasamukira kuminda ya kutali, ena amawoloka Muloza kukagwira ganyu m'minda ya tiyi ku Mulanje, ndipo misewu yopita ku Majaua ndi Mongue imavuta kudutsa. Kwa munthu amene akumwa ma ARV, nyengo imeneyi ndi yoopsa, chifukwa tsiku lokatenga mankhwala limatha kudutsa iye ali kutali.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti ku Zambezia anthu 17.1 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV, pomwe m'dziko lonse la Mozambique ndi 12.5.

Kuyambira 2019, Mozambique ndi Malawi anasamukira ku piritsi limodzi patsiku lotchedwa TLD, losakaniza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Botolo ndi dzina la kampani zikhoza kusiyana, koma mankhwala a akuluakulu ambiri ndi omwewo kuno ndi kutsidya. Sapha kachilombo kotheratu: amakaletsa kuchulukana. Munthu akamamwa mosadumphitsa, kachilombo kamachepa mpaka kusaoneka poyeza magazi, ndipo sapatsira mnzake pogonana. Akasiya, kamabwereranso m'masabata ochepa, chitetezo chimatsika, ndipo TB imapeza mpata.

Chomwe sichiwoloka malire ndi mbiri ya wodwala. Khadi la kuno lili ndi nambala ya NID; ku Malawi amalemba m'kabuku ka chipatala. Amene amatenga mankhwala mwezi uno kuno, mwezi wamawa kutsidya, amawerengedwa ngati wothawa TARV mbali imodzi, ndipo palibe namwino amene akutsatira zotsatira za carga viral yake. Izi n'zoopsa kwambiri kwa amene akumwanso mankhwala a TB, chifukwa rifampicin imafooketsa dolutegravir, ndipo wachipatala amayenera kuwonjezera mlingo.

Taonanso kuti njira ya mankhwala imatha kuduka. Mu Marichi 2023, namondwe Freddy anawononga misewu ndi milatho ku Zambezia, Mulanje ndi Phalombe. Mu Januwale 2025, boma la United States linaimitsa thandizo lakunja, zomwe zinagwedeza PEPFAR, ndondomeko imene imalipira gawo lalikulu la ntchito ya HIV m'maiko awiriwa. Mlimi sangasinthe za ku Washington, koma pali zomwe zili m'manja mwake.

Sankhani chipatala chimodzi. Ngati mukusamuka kwa nthawi yaitali, pemphani guia de transferência, ndipo khadi lanu muziyenda nalo. Musanapite kumunda kapena kuganyu, funsani ngati mukuyenera kulandira mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi. Funsaninso za GAAC, magulu amene anayambira ku Tete mu 2008, momwe anthu osapitirira asanu ndi mmodzi amasinthana kukatengera anzawo mankhwala. Mapiritsi akatsala ochepa, musawadule pakati kapena kubwereka a mnzanu: pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze.

Akuluakulu a zaumoyo a Milange ndi Mulanje nawonso ali ndi ntchito. Anthu awo amagula pamsika umodzi ndipo amakwatirana. Pakufunika kuti zipatala za mbali ziwirizi zizidziwitsana za wodwala amene wawoloka, mvula isanatseke misewu.