Mwana akapanga transimita, timulandire bwanji?

Kathumba ka zipangizo za transimita ndi kochepa moti kangathe kubisala m'chikhatho. Mukakatsegula mupezamo kabolodi kokhala ndi timabowo, ma transistor awiri kapena atatu, ma resistor a mizere yamitundumitundu, ma capacitor, kamaikolofoni, ndi kawaya ka kopa koti mupinde nokha. Batire la 9 volts mugula padera. Mnyamata kapena mtsikana wodekha, amene wabwereka chowotcherera ndi mtovu, angathe kulumikiza zonsezi madzulo amodzi. Akamaliza amayatsa wailesi ya m'nyumba, n'kumapotokola pang'onopang'ono kufuna malo opanda siteshoni, ndipo mwadzidzidzi mawu ake omwe amatulukira m'wailesimo. Ameneyo wapanga transimita ya FM.

Timatumba totere timagulitsidwa pa intaneti, koma mwana wa kwa Kawaza, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo sayenera kudikira katundu wochokera kunja. Zipangizo zambiri zili kale m'mawailesi akufa amene aunjikana kwa okonza mawailesi ndi mafoni pa Katete Stores ndi pamsika wa Sinda. Transistor ya BC547 kapena 2N3904 si chinthu chosowa. Chosowa ndi munthu wamkulu woti akhale naye pansi mwanayo, amuuze chimene wapanga, ndi pamene ayenera kulekezera.

Ndifotokoze kaye mmene kamagwirira ntchito, chifukwa makolo ambiri amaopa chinthu chimene sanachimvetse, ndipo ena amathamangira kunena kuti ndi matsenga. Mtima wa kachipangizoka ndi kawaya kopindidwa kaja pamodzi ndi capacitor yaing'ono yopotokola. Ziwirizi zikalumikizidwa, magetsi amapita uku ndi uku pakati pawo mothamanga kwambiri, pafupifupi maulendo 100 miliyoni pa sekondi imodzi, ndipo transistor imawonjezera mphamvu kuti kuyendaku kusazime. Nambala zimene timaona pankhope ya wailesi, kuyambira 87.5 mpaka 108, zimanena za liwiro limeneli. Tsono munthu akalankhula pamaikolofoni, mawu ake amasintha liwirolo pang'ono chabe, kulikweza ndi kulitsitsa, ndipo wailesi yolandira imawerenga kusinthako n'kukubwezanso kukhala mawu. Njira imeneyi anaitulukira Edwin Armstrong wa ku America, amene anailembetsa mu 1933. Ubwino wake ndi woti ziphaliwali ndi injini sizisokoneza mawu kwambiri monga zimachitira pa mediyamu wevi, chinthu chimene aliyense amene anakulira pa wailesi zakale nyengo ya dzinja amachikumbukira.

Phunziro lenileni limayamba pamene kachipangizoko kakana kumvera. Mwana achuna bwinobwino pa 100, koma akangoyandikiza dzanja mawu athawira pa 99. Batire likayamba kufooka, athawanso. Dzuwa la Okutobala likatenthetsa malata, chimodzimodzi. Akatambasula kawaya kopindidwa kaja pang'ono, nambala ikwera, akakapanikiza, itsika. Akawotcherera mothamanga, mtovu sugwira bwino ndipo kachipangizo kamangoti zii, osanena kuti vuto lili pati. Apa m'pamene amaphunzira kutenga mita n'kuyeza mwendo uliwonse wa transistor, kulemba zimene wapeza, kusintha chinthu chimodzi chokha n'kuyesanso. Ndikhulupirira kuti palibe phunziro la sayansi la pabolodi limene lingamupatse khalidwe limeneli. Ngakhale kutalika kwa eriyo kuli ndi masamu ake: pa 100, funde limodzi ndi lotalika mamita 3, ndipo waya wabwino ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuti masentimita 75. Mwana amene wadula waya wa masentimita 75 n'kumva mawu akuyera sadzafunsanso kuti masamu ndi a ntchito yanji.

Kachipangizo ka batire limodzi sikapita patali. Kamafika kuseri kwa nyumba, mwina kubwalo la mpira la sukulu. Vuto limabwera mwana akakomedwa nazo, ndipo amakomedwa nazodi. Amafuna kuti amveke mudzi wonse, kenako mudzi winawo. Awonjezera gawo lokweza mphamvu, apachika eriyo pansungwi yaitali, alumikiza batire la galimoto ndi sola. Pamenepo walowa m'bwalo la malamulo osadziwa.

Mlengalenga muli ngati minda ya m'mudzi: malire ake saoneka kwa mlendo, koma alipo, ndipo wolima mopyola amadya za mnzake. Ku Zambia kuno amene amagawa malo m'mlengalenga ndi bungwe la ZICTA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, pomwe chilolezo choulutsa mawu kwa anthu chimachokera ku Independent Broadcasting Authority. Ena amaona ngati malamulowa ndi ongofuna kutsekereza amphawi. Ine sinditero. Transimita yopangidwa pamanja yopanda sefa simangolankhula pa nambala imodzi. Imataya timawu tina pa nambala zina zimene mwiniwake sakuzidziwa n'komwe. Ndipo pamene FM yathera, pa 108, m'pamene payambira malo a ndege, mpaka 137. Oyendetsa ndege zopita ku Mfuwe, ku Chipata ndi ku Lilongwe amadalira malo amenewo. Ku Vubwi nkhaniyi ikukulanso, chifukwa bomali lagundana ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo mafunde a wailesi saima pachipata kuti adinditse pasipoti. N'chifukwa chake maiko a mu Africa ndi Ulaya anagwirizana ku Geneva mu 1984 za kagawidwe ka nambala za FM, kuti oyandikana asamalankhulire pamodzi.

Komabe lamulo lokha, popanda khomo loti mwana alowere, limaononga mphatso. Anansi athu anaziona. Mu 2009 apolisi ku Mulanje anamanga Gabriel Kondesi, mnyamata amene analekera sukulu ku pulaimale, chifukwa choyendetsa wailesi yake yotchedwa Pachikweza popanda chilolezo. Anaipanga ndi zidutswa za mawailesi akale, kaseti ndi mabatire, ndipo anthu a m'midzi yozungulira ankaimvera. Khoti linamulipitsa K50,000 ya ku Malawi. Nkhaniyo itamveka, dziko lonse linadzuka, anthu akufuna kwabwino anathandiza, ndipo mnyamatayo anapezeredwa malo kusukulu. Mathero ake anali abwinopo, koma taganizani njira imene anadutsa: kuti akuluakulu adziwe kuti m'mudzi muli mmisiri, panafunika unyolo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anatchuka ndi makina opanga magetsi ndi mphepo, nayenso anayambira pa kuphwasula ndi kukonza mawailesi ali mwana. Ku Sierra Leone, Kelvin Doe anapanga transimita yake ndi zotola kudzala mu mzinda wa Freetown, ndipo mu 2012 anaitanidwa ku yunivesite ya MIT ku America. Ana otere sabadwira kutali kokha. Ali ku Kagoro, ali ku Chanida, ali m'kalasi la kumbuyo kumene mphunzitsi amawadzudzula kuti amangoseweretsa mawaya.

Dziko lino lili ndi mbiri yonyaditsa pa wailesi. Boma la atsamunda linaika transimita yoyamba ku Lusaka mu 1941, ndipo mu 1949 kunabwera wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready inapanga atailimbikitsa Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani nthawi imeneyo. Inali yobulungira, ya batire, ndipo inalowetsa Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga cha pa wailesi m'nyumba za anthu wamba ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Agogo athu anamva mawu a woimba Alick Nkhata kudzera m'menemo. Koma wailesiyo inkapangidwira ku Britain. Ife tinali omvera.

Lero tinasiya kungomvera, tikulankhula. Ku Chipata kuli Radio Maria ndi Breeze FM, imene Mike Daka anatsegula mu 2002. Ku Lundazi kuli Chikaya, ku Katete kuno kuli Mphangwe. Mlimi amamva za mtengo wa soya ndi thonje, amayi amamva za sikelo, uthenga wa maliro umafika m'midzi tsiku lomwelo, ndipo nyengo ya Kulamba ikayandikira mu Ogasiti, zokonzekera za ku Mkaika zimamveka m'chinenero chathu. Zonsezi n'zabwino. Koma funsani achinyamata khumi amene akufuna ntchito ya pa wailesi, mupeza kuti pafupifupi onse akufuna maikolofoni. Ofuna kachipinda kakumbuyo, kumene kuli transimita, mawaya ndi mabatire, ndi ochepa. Pamene mphenzi ikagunda nsanja, kapena magetsi akamazimazima monga zinachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, woulutsa mawu waluso chotani amangokhala chete mpaka mmisiri atapezeka. Mmisiri akachokera kutali, siteshoni ya m'mudzi imalipira thiransipoti, malo ogona ndi masiku odikira, ndalama zimene ilibe. Maboma a Sinda ndi Vubwi, amene anakhazikitsidwa mu 2012 atadulidwa ku maboma akale, akumanga zambiri zatsopano, ndipo adzafuna manja otere osati pa wailesi pokha: pa nsanja za mafoni, pa ma sola a m'zipatala, pa zipangizo za m'ma labotale.

Khomo loyenera lilipo kale, kungoti sitilitsegula. Masukulu athu ali ndi makalabu a JETS, amene chaka ndi chaka amatengera ana ku mipikisano ya sayansi. Transimita ya batire limodzi, yopangidwa pamaso pa mphunzitsi, yoyesedwa m'kalasi ndi kawaya kakafupi, ndi ntchito yokwanira bwino m'kalabu yotere ku Chassa, ku Katete Secondary kapena pa sukulu iliyonse ya ku Vubwi. Ikakhala yamphamvu pang'ono, m'malo mwa eriyo amaikapo resistor ya 50 ohms imene imameza mphamvuyo kuti isatuluke panja, ndipo mwana amaphunzira zonse popanda kusokoneza munthu. Mphunzitsi wanzeru angalembere kalata a ZICTA kuwafunsa malire a zimene kalabu ingachite, asanayambe.

Kwa amene wakula ndipo akufuna kufika patali, pali njira ina imene ambiri kuno sanaimvepo. Padziko lonse pali anthu amene amachita za wailesi mongozikonda, osati malonda, ndipo boma limawapatsa chilolezo ndi dzina loitanira. La ku Zambia limayamba ndi 9J, la ku Malawi ndi 7Q. Iwowa saloledwa kuimba nyimbo kapena kuulutsira anthu; amalankhulana okhaokha pa malo awo, monga 144 mpaka 146, komanso pa shotiwevi pamene ndi waya womangirira pamitengo iwiri munthu angathe kulankhula ndi mnzake wa ku Brazil kapena ku Japan. Amaloledwa kudzipangira zipangizo zawo, ndipo m'maiko ambiri ndiwo amathandiza pa nthawi ya ngozi mafoni akafa. Kuno ali ndi bungwe lawo, Radio Society of Zambia. Sindikuona chifukwa choti luso limeneli likhale la anthu a ku Lusaka ndi ku Copperbelt okha.

Chotero pempho langa likupita kwa anthu atatu. Inu oyang'anira mawailesi a m'madera, tsegulani kachipinda ka transimita Loweruka limodzi pamwezi, mmisiri wanu aonetse ana a sukulu mmene mawu amachokera pa maikolofoni kukafika pansanja. Inu a ZICTA, mukamabwera kuno kum'mawa kudzayendera nsanja, patukiraniko pa sukulu imodzi mufotokoze mmene munthu amapezera chilolezo, ana akudziweni musanakumane nawo pa mlandu. Ndipo inu makolo, mukapeza mwana wamasula wailesi yakufa n'kuyala zidutswa pamphasa, musamulande. Mufunseni chimene akupanga, mumuletse kukhudza magetsi a ZESCO ndi kupachika eriyo nthawi ya mvula, kenako Lolemba mupite naye kwa mphunzitsi wa sayansi.