Kalata yotseguka kwa Mkulu wa MACRA pa za mavidiyo a ana amene ali pamavuto

Wolemekezeka Bwana,

Ndakulemberani chifukwa cha mavidiyo amene akungoyendayenda pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Mwina ndi mwana wootchedwa manja chifukwa chakuba ndiwo, mwina mnyamata wogwidwa pamsika anthu atamuzinga akumukuwiza, mwina mtsikana wogwiriridwa akukakamizidwa kufotokoza zimene zamuchitikira foni ili pamaso pake. Pansi pake pamalembedwa kuti titumize mpaka ifike kwa akuluakulu, ndipo nthawi zina pamakhala nambala ya Airtel Money kapena Mpamba.

Ambiri otumiza mavidiyo otere sachita ndi mtima woipa. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, zithunzi za ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe zinautsa chifundo ndipo thandizo linabwera. Pali nkhanza zinanso zimene zikanathera m'nyumba pakanapanda foni ya munthu woyandikana nyumba. Koma amene amalipira mtengo wake ndi mwanayo. Mlandu umatha, ndalama zosonkha zimatha, koma vidiyo imatsala m'mafoni a anthu osawerengeka. Mawa mwanayo apita kusukulu akapeza anzake aionera kale ndipo amupatsa dzina lomunyoza. Patapita zaka khumi, akufuna ntchito kapena banja, wina aitulutsanso. Chilolezo sanapereke, ndipo pa msinkhu wake sakanatha kupereka.

Malamulo tili nawo. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ulemu wa munthu, gawo 21 limateteza chinsinsi chake, ndipo kuyambira 2017 aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kuulula mwana amene nkhani yake ili m'bwalo la milandu la ana. Atolankhani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabisa nkhope ndi mayina. Koma lero wofalitsa wamkulu ndi munthu wamba wokhala ndi foni ndi bandulo, ndipo iye palibe anamuuzapo. Apa ndi pamene pakufunika inu, poti lamulo la 2016 la za pa intaneti komanso la 2024 loteteza zinsinsi za anthu anapereka mphamvu ku bungwe lanu.

Ndili ndi mapempho atatu.

Loyamba, tsegulani njira yodziwika komanso yaulere yoti kholo, mphunzitsi kapena mwana mwini adandaulirepo kuti vidiyo ichotsedwe. Mayi wa ku Nsanje sangalimbane yekha ndi kampani ya Meta kapena TikTok, koma kalata ya boma makampaniwa amaiyankha. Akumbutseninso kuti akhale ndi anthu omva zilankhulo zathu, chifukwa chipongwe cha m'Chichewa makina awo chimawadutsa.

Lachiwiri, lembani ndondomeko yomveka ya mabungwe, mipingo ndi anthu otchuka pa intaneti amene amasonkhetsa ndalama pogwiritsa ntchito nkhope za ana. Kungonena kuti kholo lavomera sikokwanira. Kholo limene lagona ndi njala silingakane kujambulidwa pamene wojambulayo wanyamula thumba la chimanga, ndipo nthawi zina wojambula kapena wozunza mwanayo ndi kholo lomwelo. Munthu akhoza kupempha thandizo osaonetsa nkhope, dzina, sukulu kapena mudzi wa mwana.

Lachitatu, lankhulani pa mawayilesi amene mumawapatsa ziphaso, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena ndi zilankhulo zina, kuti umboni wa nkhanza uli ndi kwawo. Upite kunthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kwa alangizi oteteza ana a m'maboma, kapena kunambala yaulere ya 116. Kumeneko vidiyo ikhoza kumangitsa wolakwa mwana osayalutsidwa. Pa gulu la WhatsApp imangochenjeza wolakwayo kuti athawe.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Palibe angalole kuti mwana wake wobereka aonedwe ndi dziko lonse pa tsiku limene wavutika kwambiri. Ana a anthu osauka, amene ndiwo amajambulidwa kawirikawiri, nawonso akuyenera ulemu womwewo. Ndikupempha kuti bungwe lanu lilengeze poyera zimene lichite pa nkhaniyi ndi nthawi imene liyambe.

Ndine wanu modzichepetsa,
Kholo lokhudzidwa, Zomba