Wokolopa m'chipatala naye ayenera katemera wa hepatitis B

Nkhani ya matenda ofalikira kudzera m'magazi pantchito ikamakambidwa, maganizo amathamangira kwa dokotala ndi namwino, koma wokolopa ndi wochapa zofunda m'chipatala nawo ali pachiopsezo chachikulu, popeza ndiwo amanyamula thumba la zinyalala kapena kukutumula nsalu za pabedi osadziwa kuti m'menemo mwatsalira singano yomwe yabayidwa kale wodwala.

Mantha a ambiri amathera pa HIV, chikhalirecho kachilombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi ndipo pakapita zaka kangayambitse khansa, kamafala msanga kwambiri pa ngozi yotereyi. Munthu akabayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a HIV, mpata woti atenge kachilomboko ndi pafupifupi 3 pa 1,000, pomwe pa hepatitis B mpatawo ungafike 30 pa 100 ngati munthuyo sanalandire katemera. Kachilomboka kamakhalanso kamoyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira, motero dontho louma pa matiresi lidakali loopsa ngakhale wodwalayo atatulutsidwa kale.

Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemerayu kwa makanda m'chaka cha 2002, zomwe zikutanthauza kuti antchito ambiri obadwa chaka chimenecho chisanafike sanamulandire ali ana. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limasenzetsa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, ndipo n'kulakwa kwakukulu kupatsa munthu ndowa ndi chikolopa asanalandire katemera wobayidwa katatu yekha.

Zina n'zosafuna ndalama zambiri. Singano ikagwiritsidwa ntchito isabwezeredwe chivindikiro chake, chifukwa zala zambiri zimabayidwa pa nthawi imeneyo, koma iponyedwe pomwepo m'bokosi lolimba lotayiramo zakuthwa, lomwe liyenera kutsekedwa lisanadzaze. Magolovesi a mphira yopyapyala amatchinga magazi koma singano imawaboola, choncho wonyamula zinyalala afunika okhuthala.

Wobayidwa asambe pabalapo ndi sopo ndi madzi, osafinya, kenako akanene msanga kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amayambidwa pasanathe maola 72 ndi kumwedwa kwa masiku 28. Antchito apansi ena amabisa ngozi zotere poopa kudzudzulidwa, n'chifukwa chake woyang'anira wodi ayenera kuwauza pa tsiku lawo loyamba kumene angakanene, ngakhale ngoziyo itachitika usiku.