BOTOLO LITSALE PACIPATA, KAMBA ALOWE

Munthu wa kumudzi sanyamuka ulendo wopanda kamba. Ndi mwambo umene makolo anatisiyira. Wocokera ku Lundazi, ku Chadiza kapena ku Petauke akamapita ku Lusaka kukaonerera mpira kapena Cionetsero ca Zaulimi, mai wa pakhomo amam'mangira kandolo wophika, nshawa zokazinga, cimanga coocha ndi cigubu ca thobwa kapena munkoyo. Kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda woposa makilomita 550, ndipo ndalama ya basi yokha ndi mtengo wa mathini angapo a cimanga. Tsono munthu wotere akafika pacipata ca bwalo, tikiti ili m'manja, nauzidwa kuti kamba wake atsale kunja, ayenera kufunsa cifukwa cake. Ifenso tikufunsa pamodzi naye.

Oyang'anira mabwalo a masewera ndi malo ena osangalalirako amachula zifukwa zingapo zoletsera zakudya ndi zakumwa zocokera kunja. Zifukwazo sizilingana kulemera kwake, ndipo nkofunika kuti abale athu a m'midzi azisiyanitse bwino asanatsutse lamulo lonse kapena kuligonjera lonse.

Cifukwa coyamba ndi ca moyo wa anthu, ndipo pa ici tili kumbali ya alonda kotheratu. Botolo lagalasi m'manja mwa munthu wokwiya ndi cida. Pa 9 May 2001, m'bwalo la mpira la mumzinda wa Accra ku Ghana, timu ya Hearts of Oak inagonjetsa Asante Kotoko. Ocemerera ena osakondwa anayamba kuponya mabotolo ndi mipando m'bwalo. Apolisi anaombera utsi wokhetsa misozi, khamu linathamangira ku zipata zimene sizinali zotseguka, ndipo anthu 126 anafa, ambiri mwa iwo mwa kupanikizana ndi kupondana. Oponya mabotolo anali owerengeka. Akufawo ambiri sanaponye kanthu. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Ife a m'Zambia sitingati izi nza kutali, pakuti m'caka ca 2007 anthu 12 anafera pa zipata za bwalo la Konkola ku Chililabombwe, pa tsiku limene timu yathu inapambana Congo-Brazzaville. Kumeneko sikunali nkhani ya mabotolo, koma tinaphunzira kuti khamu likasokonezeka pacipata, imfa sicedwa. Cotero mlonda akakana botolo, citini, mpeni wosendera nzimbe kapena mowa, musakangane naye. Akuteteza mwana wanu yemwe.

Za mowa tionjezepo mau. Boma linaletsa tujilijili mu April 2012, ndipo cimodzi ca zoipa za timapaketi timeneto cinali cakuti tinali kubisika m'thumba la malaya ngakhale m'sokosi. Phunziro lake likadalipo. Cakumwa coopsa kwambiri ndico cosabvuta kubisa, pamene mbale ya mai wonyamula mwana kumbuyo imaonekera patali. Mlonda waulesi amalanda cooneka, coopsa nkumudutsa pansi pa mphuno.

Cifukwa caciwiri ndi ca ukhondo. Palibe amene waiwala kuti bwalo la National Heroes mu Lusaka, limene linatsegulidwa m'caka ca 2014 kuti anthu azisangalalamo, linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera kawiri konse, mu January 2018 ndi mu January 2024. Pa mliri waciwiriwo dziko linataya anthu oposa 700, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Pa nthawi yotere, a zaumoyo akaletsa misonkhano kapena kugulitsa zophikaphika m'misewu, lamulo lao limveredwe popanda kung'ung'udza. Koma tinene zoona. Kolera imayenda ndi madzi oipa, manja osasamba ndi nchenche. Siifunsa ngati cakudya cagulidwa mkati mwa mpanda kapena kunja. Kandolo wophikidwa kunyumba, wodyedwa ndi banja limodzi, ngozi yake njocepa poyerekeza ndi mphika umodzi wodyetsa anthu cikwi pamalo opanda mpopi. Amene aletsa kamba m'dzina la ukhondo ayambe wationetsa madzi osamba m'manja, zimbudzi zogwira nchito, ndi cikalata ca khonsolo ca iwo ogulitsa mkatimo.

Cifukwa cacitatu sicinenedwa kawirikawiri poyera, koma ndico cimene cimalamulira malo ambiri: ndalama. Mwini malo amagulitsa danga kwa wamalonda, ndipo wamalondayo safuna wopikisana naye, ngakhale wopikisanayo akhale mpango wa nshawa. Anthu akatsekeredwa mkati kwa maola anai kapena asanu, dzuwa la October lili pamutu, amagula madzi pa mtengo uli wonse umene auzidwa.

Kuti tione mmene ndalama imapotozera lamulo, tiyang'ane ku masewera akulu koposa onse, a Cikho ca Dziko Lonse. Dziko la Brazil linaletsa kugulitsa mowa m'mabwalo a mpira kuyambira caka ca 2003 pofuna kucepetsa ziwawa. Koma pokonzekera masewera a 2014, bungwe la FIFA linaumirira kuti mowa ugulitsidwe, pakuti kampani ya Budweiser inali pakati pa othandiza masewerawo ndi ndalama, ndipo lamulo la dziko linapatutsidwa. Taonani tsono: cakudya ca m'thumba la woonerera cinali coletsedwa, mowa wa kampani nkuloledwa. Pa masewera a 2010 ku South Africa, amai ambiri amene anazolowera kugulitsa zophika pafupi ndi mabwalo anauzidwa kucoka, kuti malowo atsalire makampani akulu. Komabe si nthawi zonse pamene wamng'ono amagonja. Mumzinda wa Salvador ku Brazil komweko, amai ophika acarajé, zitumbuwa za nyemba zimene anthu akumeneko amazinyadira, anakana kucotsedwa. Anasonkhanitsa maina a anthu zikwizikwi owacirikiza, ndipo potsiriza analoledwa kugulitsa pa bwalo lao. Ngakhale malamulo okhwima a FIFA pa masewera a 2022 ku Qatar anasiyako mpata wa cakudya ca makanda ndi ca odwala.

Sitikunena kuti bwalo liziyenda popanda ndalama. Udzu ufuna kuthirira, magetsi afuna kulipira, alonda afuna malipiro. Malo a munthu mwini, monga hotela kapena nyumba ya kanema, ali ndi ufulu woika malamulo ake, ndipo wosakondwa nao akhoza kupita kwina. Koma bwalo la Boma kapena la khonsolo, ndi paki ya anthu onse, nza mtundu wonse, mlimi wa ku Vubwi ali momwemo. Kumulipiritsa tikiti kenaka nkumukakamiza kugula madzi pa mtengo wowirikiza ndiko kumuuza kuti malowa si ake. Mathero ake amaleka kubwera, ndipo mipando imakhala yopanda anthu.

Cimene tikupempha kwa oyang'anira malo otere sicobvuta. Lamulo lilembedwe pa tikiti ndi pa cikwangwani, m'zinenero zimene anthu amawerenga, ndipo lilengezedwe pa wailesi masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti munthu asadzidzimuke atafika kale pacipata. Madzi akumwa a m'botolo lapulasitiki aloledwe. Ngati pali mantha akuti lidzaponyedwa, cotsekera cicotsedwe pacipata monga amacitira m'maiko ena, kapena paikidwe mipopi yaulere mkati. Phala la mwana, cakudya ca wodwala shuga, ndi ca munthu amene ayenera kumwa mankhwala ake pa nthawi yoikika atadya kanthu, izi zisakhale zopempha mogwada. Ndipo zinthu zolandidwa zidziwike kumene zikupita. Mwini apatsidwe mwai wozidyera panja, kapena wozisungitsa nkuzitenga poturuka. Mlonda amene alanda nkhuku yokazinga ya mlimi nkukaidya kuseri kwa mpanda ndi wakuba, ngakhale abvale yunifomu.

Kuli malo ena kumene lamulo la cakudya lili ndi cifukwa cina. M'nkhalango zosungiramo nyama, monga ya South Luangwa, alendo amaletsedwa kudyetsa nyama ndi kutaya zotsala, cifukwa nyani wozolowera cakudya ca anthu amasanduka mbala yoluma. Ife alimi nyani timam'dziwa. Sitifuna wotiphunzitsa pa ici.

Kwa inu anyakwawa, atsogoleri a makalabu a amai ndi a acinyamata, ndi aziphunzitsi amene mumakonza maulendo a magulu, udindo wanu ndi wa kufunsa musananyamuke. Tumizani munthu kapena imbani foni ku ofesi ya malowo, mudziwe cololedwa ndi coletsedwa. Thobwa lithiridwe m'cigubu capulasitiki, nzimbe zisendedwe ndi kudulidwa kunyumba kuti mpeni utsale, ndipo mowa usakwere basi. Mukatero, ndipo pacipata nkukanizidwabe phala la mwana kapena madzi akumwa, musayambe phokoso pamenepo. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya cipata, ndipo pobwerera mukapereke dandaulo lanu kwa khansala wa dera lanu kuti alitengere ku khonsolo.